Mawu oti robot anayamba ngati thangata

Ana asukulu amakonda kundifunsa kuti zimatheka bwanji kuti mzungu akati robot amanena makina ogwira ntchito okha, kapena munthu amene akungochita zinthu mosaganiza, pomwe ife tikati maloboti timanena magetsi a pamsewu aja. Mawuwa ndi amodzi ndithu, komanso si achingerezi ayi, Chingerezi chinachita kubwereka.

Kwawo ndi ku Czech, dziko la ku Ulaya. Kumeneko kuli mawu oti robota, ndipo kale ankatanthauza ntchito yokakamiza imene alimi osauka ankagwira m'minda ya eni malo popanda malipiro, mpaka pomwe inathetsedwa mu 1848. Ngati agogo anu anakusimbiraniko za thangata la m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu ndiye mwamva kale, nkhani yake ndi yomweyo, umakhala pamalo pa bwana ndiye lendi yake ndi thukuta lako.

Mu 1920 wolemba wina, Karel Čapek, anatulutsa sewero lotchedwa R.U.R. lomwe linaonetsedwa ku Prague, likulu la dzikolo, mu 1921, lonena za fakitale yopanga antchito oti azingogwira ntchito basi osadandaula osafunsa malipiro. Dzina loti awapatse linamuvuta, iye ankaganiza zoti labori koma sizinamukomere, ndiye mkulu wake Josef, yemwe anali wojambula zithunzi, ndi amene anamuuza kuti angowatcha roboti. Chomwe ambiri sadziwa nchoti antchito a m'seweromo sanali achitsulo, anali ndi mnofu wochita kupanga ndipo ukawaona umangoti ndi anthu, mapeto ake anaukira nkupha anthu omwe ankawagwiritsa ntchito aja. Seweroli litafika ku New York mu 1922 ndi ku London mu 1923 mawuwa analowa m'Chingerezi, zachitsulozi zinabwera pambuyo.

Nchifukwa chake ine ndimati mzungu akanena munthu kuti ndi robotic sikumuyamikira kuti ndi wachangu, akutanthauza kuti manja akugwira koma mutu suli pomwepo, ngati kalaliki wodinda sitampa pa mafomu osawerenga nkomwe.

Nanga za pamsewu zija? Magetsiwa atangofika ankalowa m'malo mwa wapolisi woima pamphambano kumakweza manja, ndiye anthu ankawatcha robot policeman. Kenako anthu anadula mawu achiwiriwo nkutsala robot, ndipo dzinali linakhazikika ku South Africa, Zimbabwe, Zambia ndi kuno kwathu. Koma mukapita ku London osakafunsa kuti maloboti ali pati, akangokuyang'anani, kumeneko amati traffic lights.