Musaweruze nyimbo za Sondheim musanaone sewero

Chaka chilichonse ophunzira amandibweretsera zolemba zonena kuti nyimbo za Stephen Sondheim, wopeka nyimbo za masewero a zisudzo wa ku America, n'zozizira, sizikhala m'mutu, ndipo munthu sangatuluke m'holo akuziimba chapansipansi. Mawu amenewa ndatopa nawo, chifukwa ambiri owalembawo sanawapeze ndi makutu awo, anangowatola kwa ena amene akhala akuwabwereza kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Nyimbo imakhala m'mutu chifukwa choimva kawirikawiri, ndipo Sondheim mwiniwake ankanena zomwezi. Iye ankalemba nyimbo yoti iyendetse nkhani pa nthawi imene munthu wa m'sewero wathedwa nzeru, choncho ukaichotsa pamalo pakepo umaichotsanso mphamvu.

Chimene chimandiwawabe mumtima ndi zimene zinachitikira sewero lake la Merrily We Roll Along mu 1981. Seweroli linatsekedwa ku Broadway, dera la maholo akuluakulu a zisudzo ku New York, litangoonetsedwa ka 16, ndipo mgwirizano wa Sondheim ndi wotsogolera masewero Harold Prince, umene unabala masewero a Company mu 1970 ndi Sweeney Todd mu 1979, unaima kwa zaka zoposa 20. Nkhani yake imayenda chobwerera m'mbuyo: timayamba kuona anthu atatu ubwenzi wawo utasweka, kenako timawatsatira mpaka pa unyamata wawo. Sondheim anatembenuzanso nyimbo zomwe. "Not a Day Goes By" timaimva koyamba banja la mmodzi wa atatuwo likutha, mawu ake ali odzaza ndi ululu, ndipo timadzaimvanso patsogolo pa tsiku la ukwati wa banja lomwelo, ife tikudziwa kale kumene lumbirolo likathere. Ndinaonapo wophunzira wina atayika cholembera pansi n'kukhala chete nyimboyi itabwera kachiwiri, pamene sabata yapitayo anali atalemba kuti ilibe moyo. Seweroli litabwerera ku Broadway mu 2023 linalandira mphoto yaikulu ya zisudzo ya Tony mu 2024, Sondheim atamwalira kale mu 2021.

Sindikunena kuti Sondheim alibe pomudzudzula. Akatswiri amatsutsanabe ngati gawo lachiwiri la masewero ake ena limafika pa msinkhu wa gawo loyamba, ndipo iye yemwe ankadandaula kuti mawu ena amene analemba m'sewero la West Side Story mu 1957 anali okometsera kwambiri kuposa mmene mtsikana wowaimbayo akanayankhulira. Kudzudzula kotere kumachokera kwa munthu amene watsegula buku la manotsi.

Chenjerani ndi odzitcha akatswiri amene amva kachidutswa ka mphindi ziwiri pa YouTube n'kuyamba kugamula. Afunseni kuti nyimboyo akuimba ndani, akuimbira yani, ndipo zisanafike apo chachitika n'chiyani. Akalephera kuyankha, asiyeni. Inunso ophunzira, musadikire sabata yomaliza kuti muyambe kumvetsera. Sewero ngati limeneli limafuna kulionera lonse kawiri kapena katatu, mawu ake ali m'manja, ndipo ntchito imeneyi siingatheke usiku umodzi mawa lake mukukapereka zolemba.