Mmene bilu ya Zan inafera m'nyumba ya malamulo ya ku Italy

Ku Italy kuli lamulo lotchedwa la Mancino, lomwe linakhazikitsidwa mu 1993. Limanena kuti munthu akamenya kapena kusala mnzake chifukwa cha khungu, mtundu, dziko lochokera kapena chipembedzo, chilango chake chizikhala chokhwimirapo. Koma pa mndandandawo palibe anthu okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, palibe okopeka ndi amuna komanso akazi, ndiponso palibe a transgender, omwe amakhala moyo wachimuna kapena wachikazi mosiyana ndi zomwe zinalembedwa pa tsiku lawo lobadwa. Wina akawathibula pa siteshoni ya sitima uku akuwatukwanira chomwe ali, khoti limazenga mlandu wa ndewu wamba.

Aphungu anayesa kangapo kutseka mpata umenewu. Bilu ya Paola Concia inakanidwa mu 2009, inakanidwanso mu 2011. Ya Ivan Scalfarotto inadutsa m'nyumba yoyamba ya malamulo mu 2013, kenaka inangogonera m'kabati ku Senate, yomwe ndi nyumba yachiwiri, mpaka nthawi ya aphunguwo inatha. Mu 2016 dzikolo linavomereza kuti anthu awiri okondana, amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, atha kulembetsa ubale wawo ku boma, koma za nkhanza zokomana nazo mumsewu palibe chinasintha.

Ndiye kunabwera Alessandro Zan, phungu wa chipani cha Partito Democratico wochokera ku Padova. Bilu yake sinali yovuta kuimva. Inkangowonjezera magulu pa lamulo lakale lija: akazi ndi amuna ozunzidwa chifukwa cha chibadwa chawo, ozunzidwa chifukwa cha amene amamukonda, ozunzidwa chifukwa cha mmene amadzidziwira, ndi anthu aulumali. Wochita chiwawa kapena kumemeza ena kuti achite akanatha kukhala kundende zaka zosapitirira 4. Munalinso ndime yoteteza ufulu wolankhula maganizo, chifukwa otsutsa ankati ansembe aziyamba kumangidwa akalalikira za banja.

Biluyi ili mkati mokambidwa, mu September 2020, mtsikana wina wa ku Caivano pafupi ndi Naples anafa atagwa pa njinga yamoto. Anakwera ndi bwenzi lake, mnyamata wa transgender, ndipo yemwe ankawathamangitsa anali mlongo weniweni wa mtsikanayo, amene sankafuna chibwenzicho. Mnyamatayo anavulala, n'kumenyedwanso pomwepo. Chinawawa anthu a transgender kachiwiri n'chakuti nyuzipepala zingapo ndi wailesi zakanema zinayamba zalengeza kuti anali atsikana awiri. Munthu ali m'chipatala, wataya wokondedwa wake, dziko n'kumakanganabe kuti amutchule kuti ndani. Pa 4 November 2020 nyumba yoyamba inavomereza biluyo ndi mavoti 265, otsutsa 193.

Ku Senate n'komwe inakafika pa minga. Wapampando wa komiti ya zachilungamo, Andrea Ostellari wa chipani cha Lega, anaichedwetsa kwa miyezi. Mu June 2021 a ku Vatican analembera boma kalata yodandaula kuti biluyo ikuphwanya pangano la pakati pa mpingo ndi boma lomwe linakonzedwanso mu 1984. Nduna yaikulu Mario Draghi anayankha m'nyumba ya malamulo kuti boma la Italy si la chipembedzo. Nkhawa ina ya mpingo inali pa ndime yokhazikitsa 17 May kukhala tsiku lokumbukira kuipa kwa tsankholi, popeza inkakhudzanso masukulu.

Ndime imeneyi inali ya mtengo wapatali kwa okopeka ndi amuna komanso akazi, chifukwa inatchula chidani chowachitikira iwo pachokha. Anthuwa nthawi zambiri saoneka. Akakhala ndi bwenzi losiyana nalo chibadwa, anthu amati palibe vuto lomwe ali nalo. Akakhala ndi lofanana nalo, amawerengedwa m'gulu lina. Kwawo amawanena kuti ndi osokonezeka, ndipo ngakhale pakati pa anzawo omenyera ufulu ena amawakayikira kuti akubisala. Kuona dandaulo lawo litalembedwa m'lamulo la dziko kukanakhala kuyamba kuwawerenga ngati anthu amene alipo.

Koma mkangano weniweni unali pa a transgender, ndipo apa m'pamene ine ndimaona kuti panachitika chosalungama chachikulu. Chipani cha Italia Viva cha Matteo Renzi, chomwe chinavotera biluyo m'nyumba yoyamba, chinayamba kunena kuti kuti idutse pafunika kuchotsamo mawu onena za mmene munthu amadzidziwira kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Magulu ena omenyera ufulu wa amayi, kuphatikizapo bungwe la Arcilesbica, nawo ankatsutsa mawuwo. Taganizani mmene zinamvekera kwa mayi wa transgender amene amabwerera kunyumba usiku pa basi: anthu akuwerengetsera poyera ngati chitetezo chake chingaperekedwe kuti ena atetezedwe. Komatu kawundula wa bungwe la Transgender Europe wakhala akuika Italy pakati pa maiko a ku Ulaya komwe a transgender aphedwa ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo ndi obwera ochokera kunja, osauka, opanda wowalankhulira. Zan ndi chipani chake anakana kuchotsa mawuwo. Ena amati kumeneku kunali kuuma mutu komwe kunaphetsa bilu. Ine ndimati anachita bwino, chifukwa lamulo losiya kunja anthu omwe akuphedwa kwambiri silikanakwaniritsa chomwe analilembera.

Pa 27 October 2021 zipani za Lega ndi Fratelli d'Italia zinapempha kuti Senate isayambe n'komwe kukambirana ndime za biluyo. Sipikala Maria Elisabetta Alberti Casellati analola voti yachinsinsi. Pempholo linadutsa ndi mavoti 154, otsutsa 131, kusonyeza kuti ena omwe ankalonjeza poyera kuti ali kumbali ya biluyo anatembenuka kuseri. Aphungu a mbali yopambana anaimirira n'kuwomba m'manja, ndipo kanema wake anafalikira pa intaneti tsiku lomwelo. M'masiku otsatira anthu masauzande anasonkhana ku Milan, ku Rome ndi m'mizinda ina kusonyeza mkwiyo wawo.

Nkhawa yomwe inatsala ndi ya tsiku ndi tsiku. Popanda ndime ya lamulo, milandu yotere silembedwa payokha m'mabuku a khoti, choncho chiwerengero chenicheni sichidziwika, ndipo otsutsa amapezerapo mwayi wonena kuti vutolo n'lochepa. Womenyedwa amadzifunsa ngati n'koyenera kupita kupolisi, komwe chiphaso chake mwina chili ndi dzina lomwe salifunanso, kukafotokoza chipongwe chomwe lamulo silichidziwa.

Malamulo a Senate ankaletsa kubweretsanso bilu yofanana nayo kwa miyezi 6. Nyumba ya malamulo inathetsedwa mu July 2022, ndipo pa chisankho cha September chaka chomwecho chipani cha Fratelli d'Italia cha Giorgia Meloni, chimodzi mwa zomwe zinapempha kuti biluyo itayidwe, chinapambana n'kutenga boma.