Luso la mapatani limagona pamsoko

Achinyamata akabwera kuntchito kwanga kudzafunsa za kujambula mapatani, funso loyamba limakhala lomwelomwelo: "Ndiyambe ndi sitayilo iti?" Ine ndimati za sitayilo zidikire kaye, ayambe apita kumsika wa Kamwala mu Lusaka akagule chitenje chimodzi chotchipa. Pa zaka zonse zimene ndajambula mapatani a nsalu, sindinapeze mphunzitsi woposa chitenje choyalidwa pansi.

Chiyaleni pamphasa, musankhe duwa limodzi n'kuikapo chala. Yendetsani maso m'litali mpaka mulipezenso duwa lomwelo, loyang'ana mbali yomweyo, mupime ndi rula. Teroninso m'lifupi. Kabokosi kamene mwapezako ndiko ntchito yonse ya wojambula. Kwina konseko ndi makina ongobwereza. Ngakhale kukula kwake sikongoganizira, chifukwa nsalu zambiri zimasindikizidwa ndi chitsulo chogudubuzika, ndipo patani iyenera kukwana ndendende chitsulocho chikazungulira kamodzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Duwa lokongola ambiri amatha kulijambula. Chovuta n'chakuti kabokosi kakagundana ndi kanzake, diso lisaone msoko, pamene akumana. Ntchito yanga yoyamba yolipidwa inandichititsa manyazi pa chifukwa chomwechi: masamba onse ndinawaunjika pakati, m'mphepete n'kusiya mbee. Itasindikizidwa, nsalu yonse inatuluka ndi timisewu toyera ngati minda yogawidwa malire, mwini wake n'kuibweza.

Mankhwala ake safuna kompyuta. Dulani pepala kuti mbali zonse zinayi zifanane. Jambulani pakati, osakhudza m'mphepete. Lidulenso pakati ndi lezala kuchokera pamwamba kutsika, chidutswa cha kumanzere chipite kumanja, cha kumanja chibwere kumanzere, mumate ndi selotepu kumbuyo. Dulaninso chopingasa, cha pamwamba chitsike, cha pansi chikwere. Muona kuti zimene munajambula zathawira m'makona, pakati patsala poyera. Dzazani pamenepo, koma m'mphepete musakhudzebe. Mukapita nalo pa fotokope n'kuyala mapepala anayi moyandikana, tsamba lodukira kumanja likapitirira lokha papepala linalo. Tsiku loyamba kuziona, munthu umaseka wekha.

Mukadziwa zimenezi, masitayilo amasiya kukhala zovala zongosinthasintha. Iliyonse imakuphunzitsani kanthu kake. Ine ndimayambitsa anthu ndi sona, zojambula za pamchenga za Achokwe ndi Aluchazi a kumpoto chakumadzulo kwa dziko lino la Zambia ndi kum'mawa kwa Angola. Wojambula amayamba wadinda madontho ndi nsonga za zala, kenako amayendetsa mzere mopendekeka pakati pa madonthowo, kukhota akafika kumapeto, osanyamula chala mpaka atabwerera pamene anayambira. Yesani m'kope la masamu lija la timabokosi. Mizere 3 ya madontho 4 imazungulidwa yonse ndi mzere umodzi. Mizere 4 ya madontho 6 imafuna iwiri, ngakhale mutalimbana nayo usiku wonse, chifukwa 4 ndi 6 onse amagawika ndi 2. Paulus Gerdes, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Mozambique, anafufuza kwambiri zojambulazi. Palibe china chimene chimalimbitsa dzanja ndi diso pamodzi ngati sona.

Madengu a Atonga amene mungawaone ku Kabwata Cultural Village mu Lusaka amaphunzitsa zina. Woluka amayamba ndi kabokosi pansi, patani n'kumakula pamene dengu likutambasuka, ndiye amakhala akuwerenga nthawi yonse. Khalani nalo limodzi m'manja, muwerenge nawo.

Amene amakonda kampasi ndi rula apite ku mapatani a Chisilamu. Jambulani bwalo, musasinthe kampasi, muyendetse nsonga yake m'mphepete mwa bwalolo: ikwana kasanu ndi kamodzi ndendende. Nyenyezi zambiri za m'makoma a mizikiti zimabadwira pamenepo. Wojambula M. C. Escher wa ku Netherlands anakakopera matailosi a kunyumba yachifumu ya Alhambra, ku Spain, mu 1922 ndi mu 1936, ndipo mbalame ndi nsomba zake zolumikizana zija zinakula kuchokera mmenemo. Chodabwitsa n'chakuti njira zobwerezera patani pamalo afulati zilipo 17 zokha basi. Evgraf Fedorov wa ku Russia anatsimikizira zimenezi mu 1891.

Zentangle yodzaza pa YouTube ija, yojambula timizere tobwerezabwereza pakapepala, ndi yabwino popumitsa mutu ndi kuzoloweretsa dzanja, koma za msoko siikuphunzitsani.

Ena amaopa kuti kutengera masitayilo a kwina n'kutaya zathu. Chitenje chenichenicho n'chobwera: njira yake inachokera ku batiki, luso lokongoletsa nsalu ndi phula ndi utoto la ku Java, ku Indonesia, azungu a ku Netherlands n'kuiika m'makina, ndipo kampani yawo ya nsalu ya Vlisco ilipo kuyambira 1846. Amayi a kuno ndiwo anachisandutsa chathu posankha choti avale ndi choti achisiye m'sitolo. Choipa ndi kukopera patani ya mnzanu n'kukaigulitsa. Koperani m'kope lophunzirira, mulembe pambali kumene mwaitenga.

Mitundu ibwere pomaliza. Mwezi woyamba gwirani pensulo ndi bolopeni yakuda yokha. Mukamaliza patani, ikhomeni pakhoma, mubwerere m'mbuyo mpaka pakhomo, mutsinzine pang'ono. Ngati pali kamsewu koyera, kaonekera pomwepo.