Kusiyana kwa John Proctor wa mu sewero ndi John Proctor amene adanyongedwa ku Salem

Amene adaonerapo sewero la Arthur Miller lotchedwa The Crucible amamukumbukira John Proctor ngati bambo wa zaka za m'ma 30 amene adagona ndi mtsikana wake wantchito, Abigail Williams, ndipo chigololocho n'chimene chidabutsa moto wonse wa milandu ya ufiti. Chibwenzicho n'chopeka. Proctor weniweni adali mkulu wa zaka pafupifupi 60, mlimi amenenso ankagulitsa mowa, pamene Abigail adali kamwana ka zaka 11 kapena 12 ndipo ankakhala kwa m'busa Samuel Parris. Miller ndiye adamukweza zaka kufika 17.

Koma chimene chimamupha Proctor mu sewero, ndicho kayendetsedwe ka milandu, n'chenicheni. Kumayambiriro kwa 1692, m'mudzi wa Salem ku Massachusetts, ku America, Abigail ndi Betty, mwana wa m'busayo wa zaka 9, adayamba kugwa ndi kukuwa. Adati awalodza. Oyamba kugwidwa adali amayi atatu opanda owaikira kumbuyo: Tituba yemwe adali kapolo, Sarah Good wopemphapempha, ndi Sarah Osborne. Mu Meyi bwanamkubwa William Phips adakhazikitsa khoti lapadera, mkulu wake William Stoughton. Khotili linkalandira umboni wa mizukwa. Mtsikana akangonena kuti mzukwa wa uje wanditsina usiku, zinkakwana, ngakhale mwini thupi adali gone kwake anthu akumuona. Umboni wotere ungautsutse bwanji?

Choipa koposa chidali ichi: wovomera ufiti ankangosungidwa m'ndende, wokana ndiye ankanyongedwa. Anthu oposa 50 adavomera, ndipo kuti akhulupirike ankayenera kutchula anzawo, motero mndandanda unkangokula. Onse 19 amene adanyongedwa adali okana mlandu. Giles Corey, nkhalamba imene idakana ngakhale kuyankha kuti mlandu uyambe, adamusanjikiza miyala pachifuwa mpaka kufa pa 19 Seputembala.

Proctor weniweni adali ndi zofooka zake, koma zina. Adali waukali ndi wosabisa mawu. Wantchito wake, Mary Warren, atayamba kugwa ngati atsikana enawo, iye adamukhazika pa ntchito yopota ulusi namuopseza kuti amukwapula, ndipo ankanena poyera kuti atsikanawo akungonama. Pakamwa pake ndi pamene padamuika pa mzere. Mkazi wake Elizabeth adaitanidwa kukafunsidwa pa 11 Epulo; John adapita kukamuikira kumbuyo, ndipo tsiku lomwelo zala zidaloza iye.

Pa 23 Julayi, ali m'ndende, adalembera abusa a ku Boston, mmodzi mwa iwo Increase Mather, kupempha kuti milandu isamukire kumeneko kapena oweruza asinthidwe. M'kalatamo adafotokoza kuti mwana wake William adamangidwa khosi pamodzi ndi zidendene mpaka magazi kutuluka m'mphuno, kuti avomere. Anansi ambiri adasainira makalata omuchitira umboni wabwino. Zonsezo sizidaphule kanthu. Mkulu wa apolisi George Corwin adalanda ng'ombe ndi katundu, mpaka kukhuthula mowa m'mbiya ndi msuzi mumphika, osawasiyira ana kanthu. Proctor adanyongedwa pa 19 Ogasiti pamodzi ndi anthu ena anayi, mmodzi wa iwo m'busa George Burroughs. Elizabeth adapulumuka chifukwa adali woyembekezera.

Nanga Miller adamuveka bwanji tchimo munthu amene adafa wosalakwa kale? Chifukwa munthu woyera akakana kunama, woonera amangomumvera chisoni. Proctor wa mu sewero amadziona kuti ndi wachinyengo, choncho bodza limodzi lina silimulemera. Onani mmene tchimolo limagwirira ntchito. M'busa Hale atamuuza kuti atchule Malamulo Khumi, amaiwala limodzi lokha, la chigololo, mpaka mkazi wake kumukumbutsa. M'khoti amadziulula yekha kuti agwetse Abigail, koma Elizabeth, mayi amene sanama, amanama kuti ateteze dzina la mwamuna wake, ndipo bodza lachikondilo ndi limene limawamiza onse. Pomaliza Proctor amasaina kalata yovomera ufiti. Amaing'amba atamva kuti aikhoma pa chitseko cha tchalitchi, pomwe idzadetsa anzake amene akufa akukana ndiponso ana ake. Apa mpamene ochita sewero ambiri amalakwitsa: amamukuwitsa ngati munthu wodandaula za ulemu wake pamudzi, pamene ulemuwo adautaya kale yekha m'khoti muja.

Sewerolo lidayamba kuonetsedwa ku New York pa 22 Januwale 1953, nthawi imene komiti ya nyumba ya malamulo ku America inkafunsa anthu ngati adali achikomyunizimu ndi kuwakakamiza kutchula anzawo. Mnzake wa Miller, Elia Kazan, adali atatchula mayina mu 1952. Mu 1956 Miller adaitanidwa nayenso. Adafotokoza za iye mwini koma adakana kutchula wina. Adamupeza wolakwa ponyoza nyumbayo mu 1957, chigamulo chimene chidafafanizidwa mu 1958.

Dzina la Proctor weniweni lidayeretsedwa mu 1711, patapita zaka 19, ndipo banja lake lidalandira chipepeso cha mapaundi 150.