Musanasankhe chithunzi cha wallpaper, onani kaye khoma

Anthu ambiri ofuna wallpaper (pepala lomata pakhoma pokongoletsa) ya chithunzi chimodzi chodzaza khoma lonse amabwera atasankha kale chithunzicho. Uyu akufuna phiri la Mulanje pabalaza, uyo akufuna dzuwa likulowa ku Cape Maclear kuchipinda chogona. Ife okongoletsa nyumba timayambira pakhoma, chifukwa pepala likamatuka pakatha miyezi itatu, kawirikawiri wolakwa ndi khomalo.

Pakani dzanja pakhomapo. Likatuluka loyera ngati mwagwira ufa, ndiye kuti pali laimu kapena penti wotha mphamvu, ndipo guluu sangagwire. Pamafunika kupala, kutsuka, n'kupaka primer (penti woyamba wothandiza kuti guluu agwire). Pulasitala watsopano mpatseni milungu inayi kapena kuposerapo kuti aume. Mabowo a misomali ndi ming'alu zitsekedwe n'kusalazidwa, poti pepala silibisa chilema cha khoma, limachionetsa makamaka nyale ikawala cham'mbali.

Mdani wamkulu ndi chinyontho. Nyumba zambiri za njerwa zootcha zinamangidwa popanda pulasitiki wotchinga madzi pamwamba pa fandeshoni, choncho mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale madzi amakwera m'khoma kuchokera pansi. Mu Okutobala khoma lomwelo limaoneka louma gwa, n'kukupusitsani. Yang'anani m'munsi ngati penti akufufuma kapena pali timchere toyera. Mukhozanso kumata kapulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, n'kukasiya masiku awiri. Kunsi kwake kukachita thukuta, khomalo lisiyeni, sankhani lina lam'kati mwa nyumba. Kuseri kwa pepala lonyowa kumamera chuku, ndipo chiswe nacho sichikana pepala.

Poyeza musakhulupirire kuti khoma ndi lowongoka. Yezani kutalika malo atatu, kumanzere, pakati ndi kumanja, chimodzimodzinso m'lifupi. Tengani muyezo waukulu, muwonjezerepo masentimita 5 mpaka 10 odzadula pomaliza. Chitseko ndi windo musazichotsere pa muyezo, zijambuleni papepala lapadera pamodzi ndi masoketi ndi maswitchi. Kenako jambulanipo sofa, kabati ndi TV. Sofa amaphimba pafupifupi masentimita 80 a m'munsi, ndiye ngati bwato la asodzi lomwe linakukopani lili m'munsi mwa chithunzi, mudzalipira bwato lomwe simudzalionanso.

Amene amafuna chithunzi chojambula okha ndi foni ndi omwe amakhumudwa kwambiri. Foni ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha timadontho 4000 m'lifupi. Mukachitambasula pakhoma la mamita 4, sentimita iliyonse imapeza timadontho 10 tokha. Munthu ataima patali chimaoneka bwino ndithu, koma ali pampando pafupi ndi khoma amangoona zambuu. Chikadutsa pa WhatsApp ndiye chimachepetsedwanso, choncho tumizani fayilo yeniyeni, ndipo osindikiza akusindikizireni kachidutswa pa kukula kwake kwenikweni musanalipire zonse. Kachidutswako kakhomeni pakhoma, mukaone masana komanso usiku, popeza mtundu wa pasikirini ya foni umasiyana ndi wa papepala.

Pa zokonda sinditsutsana ndi munthu, koma kuchipinda chogona ndimalangiza mitundu yofatsa, ndipo chithunzi chikhale kumutu kwa bedi. Chipinda chaching'ono chimaoneka chotakasuka ndi chithunzi choonetsa patali, monga nyanja kapena msewu wa m'nkhalango. Makoma atatu otsalawo apakeni penti wa mtundu umodzi wotengedwa m'chithunzimo. Pewani khoma lowombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, mtundu umasuluka.

Pepala la mtundu wa non-woven (lopangidwa ndi timaulusi topanikizidwa) ndi losavuta kumata chifukwa guluu amapakidwa pakhoma, ndipo pochotsa limasendeka louma. La vinyl (lokutidwa ndi pulasitiki) limapukutika ndi kansalu konyowa, n'loyenera pomwe pali ana. Chithunzi chimabwera m'zigawo zokhala ndi manambala. Ziyaleni pansi kaye muone ngati zikulumikizana. Chigawo choyamba chitsate mzere woongoka womwe mwalemba ndi levulo, osati ngodya ya chipinda, chifukwa chikapendekeka pang'ono, pofika chomaliza phiri lija limakhala litaduka pakati. Pofika pa soketi zimitsani magetsi pa meni switchi.

Ngati nyumbayo ndi ya lendi, gwirizanani kaye ndi alandilodi, makamaka za amene adzalipire penti pa tsiku losamuka.