Okonda makompyuta sathawa anthu ayi

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu amodzimodzi, kaya mu kombi yopita ku Mbare kaya pamaliro ku Highfield, madera a mumzinda wa Harare: akuti achinyamata okonda makompyuta amatengeka ndi nkhani za maroboti (makina ogwira ntchito ngati anthu) ndi za mumlengalenga chifukwa amaopa anthu ndiponso moyo weniweni. Zanditopetsa, ndipo si zoona.

Mnyamata amene amakonza mafoni m'tauni, ataweramira kabolodi kakang'ono n'kachitsulo kotentha m'manja, amadzifunsa tsiku lonse kuti, "Ndikasintha apa, chichitika n'chiyani?" Nkhani zopeka za sayansi zimayambanso pa funso lomweli, n'chifukwa chake amazikonda.

Ndipotu nkhanizi zimakamba za anthu. Mawu oti roboti anachokera m'sewero la ku Czechoslovakia la mu 1920, kuchokera ku mawu akuti robota, ntchito yokakamiza. Ife tingati thangata. Seweroli linkafunsa za wogwira ntchito ndi bwana wake.

Fufuzani nokha chiyambi cha mawuwa mu dikishonale, kapena mufunseni wokonza foniyo chimene chinamugwira mtima m'nkhani imene anawerenga. Musanatero, chonde musatumize mphekeserayi pa gulu la banja.