Kuyambitsa matenda obereka kuchipatala si kupha mwana

Mphekesera yafala, kuyambira ku Ndirande mpaka ku Bangwe: ati mayi akamuyambitsa matenda ku chipatala cha Gulupu, mwana amafera m'mimba. Si zoona. Madokotala amayambitsa matenda mimba ikakwana masabata 41, BP ikakwera kwambiri, kapena nsupa ikasweka matenda osabwera. Apa kudikira ndiye koopsa, chifukwa masiku akapitirira nsengwa imatha kulephera kudyetsa bwino mwana.

Mankhwala oyambitsa matenda otchedwa misoprostol amaperekedwa pang'onopang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza mamaikulogalamu 25 akumwa pa maola awiri alionse, anamwino akumvetsera mtima wa mwana. Mayi amene anabereka kale mwa opaleshoni sapatsidwa mankhwalawa.

Chotidetsa nkhawa ndi mwanamphepo, mankhwala azitsamba oyambitsa matenda, womwera kunyumba. Alibe muyezo, ndipo chiberekero chimatha kukoka mosapumira mpaka kung'ambika. Ngati mwamwa, auzeni anamwino musanalandire dilipi kapena piritsi lililonse.